Singano, katiriji kapena kasutikesi katsopano: ndalama ya galamafoni yakale ipite kuti?

Chimvekereni kuti kwathu mbale zikulirabe, anzanga sakundipatsa mpata. Wina watulutsa Pioneer imene bambo ake anabwera nayo kuchokera ku Joni, wina watola Technics pa kaunjika wa zamagetsi ku Limbe, wina ali ndi Garrard ya m'kabati ija inkavinitsa anthu pa maukwati ku Namwera. Funso ndi limodzi: ndili ndi kandalama pang'ono, ndigule chiyani kuti izilira bwino? Ndiyankhe pano kamodzi, chifukwa kufotokozera aliyense payekha pa WhatsApp kwanditopetsa.

Za lamba sitingakangane. Ngati yanu ndi ya lamba, monga Pioneer PL-12D ndi anzake a m'ma 1970, lambayo anafa kale, musachite kufunsa. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala sikusiya mphira wamoyo. Mukanyamula chitsulo chozungulira chimene mbale imakhalapo, mupeza lamba atasungunuka n'kusanduka phula lakuda lomata zala, pambali pake mazira a mphemvu. Pukutani ndi thonje ndi sipiriti mpaka kapule ka mota kawale, dontheza mafuta a makina osokera pa ekiselo yapakati, ikani lamba watsopano, kenako sanjikani foni pamwamba ndi kapulogalamu koyeza liwiro muone ngati ikuzungulira ka 33⅓ ndi ka 45 pa mphindi. A Technics za direct drive, zopanda lamba zija, mutu uwu suwapweteka. Koma ngati galamafoni yanu inachokera ku America ndipo mota yake imatsatira magetsi a pakhoma, dziwani kuti inapangidwira 60 Hz pomwe athu ndi a 50 Hz. Izizungulira mochedwa, oimba onse azimveka ngati angodzuka, ndipo lamba watsopano sathetsa zimenezo pokhapokha mutasintha kapule. Za ku South Africa ndi ku Britain zimagwirizana ndi magetsi athu.

Njira yoyamba imene anthu amaithamangira ndi kutaya yakaleyo n'kugula kagalamafoni katsopano konga kasutikesi, kokhala ndi masipika m'kati ndi Bluetooth. Ayi. Mutu wake ndi wa ceramic, umakanikiza mbale ndi magalamu 5 kapena kuposa, mulibe posinthira, ndipo masipika amagwedeza bokosi lomwelo limene singano ikuyendamo. Pioneer ya zaka 50 imakaposa kutali.

Njira yachiwiri ndi kusintha singano yokha, katiriji (kamutu ka kunsonga kwa mkono kamene singano imalowamo) n'kuisiya yomweyo. Pamapepala imeneyi ndiyo yotchipa, ndipo ndiyo inandiluma.

Magalamafoni ambiri a kuno ali ndi katiriji ya Shure. Kampaniyo inasiya kupanga makatiriji ndi singano mu 2018, ndiye msika unadzaza ndi zongofanizira. Ine ndinaitanitsa singano ya katiriji ya Shure M75 kwa wamalonda wina wa pa intaneti amene analumbira kuti ndi yeniyeni, yotsala m'sitolo kuyambira kalekale. Mtengo wolembedwa unali wokoma. Zimene sanalembe ndi zobwera pambuyo. Ndalama yotumizira inaposa ya singano yeniyeniyo. Banki inadula yake posintha makwacha kukhala madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse imamveka m'thumba. Kenako kaphukusi kochepa ngati bokosi la machesi kanakakhala ku Blantyre kudikira msonkho. Kuchokera ku Mangochi kukafika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 190, ndiye onkhetsani ya minibasi kupita ndi kubwera, osaiwala nsima ya pa Liwonde.

Zonsezo ndikanameza singanoyo ikanakhala yoona. Kabokosi kanali ndi dzina la Shure, inde, koma nditaika galasi lokuzira zinthu kutsogolo kwa kamera ya foni ndinaona kamwala ka kunsonga katamatidwa chopendekeka, guluu atatuluka m'mbali. Kulira inkalira, koma mawu onse a "s" ankang'ambika. Kutentha kutafika, kamphira kogwira kamtengo ka singano kanafewa, katiriji inakhala pansi, mimba yake n'kuyamba kukhula mbale. Mbale yanga ya 45 ya kanindo, imene simungaipezenso ngakhale mutazungulira misika yonse kuchokera ku M'baluku mpaka ku Monkey Bay, pano ili ndi mzere wotuwa wozungulira ndipo imangoti tchetchetche poyambira mpaka pothera. Nditamutumizira zithunzi, mkulu uja anandibuloka.

Sindikunena kuti singano zongofanizira zonse n'zachinyengo. JICO ya ku Japan imapanga zabwino zedi za ma Shure akale. Koma mukaphatikiza zotumizira ndi msonkho, mwafika kale pa mtengo wa katiriji yatsopano yathunthu, imene singano zake zikupangidwabe.

Ndiye tafika pa mpikisano weniweni, wa makatiriji awiri amene aliyense amawatchula: Audio-Technica AT-VM95E ya ku Japan ndi Ortofon 2M Red ya ku Denmark. Onse ndi a mtundu wa MM (moving magnet), onse amamangidwa ndi masikuluwu awiri, onse ali ndi nsonga ya elliptical, youmbika ngati dzira.

Mukawamva motsatizana, Red ndi imene imakopa. Imatulutsa mamilivoti 5.5 pomwe VM95E imatulutsa 4, choncho imamveka yamphamvu, ndipo khutu limanamizika msanga kuti chofuula ndicho chabwino. Kwezani pang'ono voliyumu pa VM95E, kusiyanako kumachepa. Red ilinso ndi mawu owala kumtunda, ndipo pa LP (mbale yaikulu ya 33⅓) yoyera, yosungidwa bwino, magitala a rumba amatuluka mokoma, sindingakane. Koma ndani kuno ali ndi mbale zoyera zokhazokha? Zathu zambiri ndi ma 45 a simanjemanje ndi kanindo amene anadutsa m'magumbagumba, anagwiridwa ndi manja a mafuta a chambo, anagona m'katoni pafupi ndi nyanja mpaka kuchita chuku. Pa mbale zotere kuwala kwa Red kumangokwezera zipsera pamwamba. VM95E ndi yofatsa, siibisa phokoso koma siilikokomezanso.

Kulemera kwa singano ndi magalamu 1.8 pa Red, 2 pa VM95E, palibe nkhani pamenepo.

Pamene VM95 imapambanira ndi pa singano zosinthira, ndipo kwa munthu wokhala kutali ndi sitolo ya zinthu izi mfundo ndi imeneyi. Thupi la katiriji ndi limodzi, koma limalandira singano zosiyanasiyana zimene mumangozula ndi zala n'kulowetsa ina: yabuluu ya conical (ya nsonga yozungulira), yobiriwira ya elliptical, yofiira ya ML (MicroLine, ya nsonga yopyapyala kwambiri), ngakhale ya SP ya mbale za 78 zija za agogo, zimene mizere yake ndi yotakasuka ndipo singano wamba imangosambiramo. Audio-Technica imati ya conical imatha maola pafupifupi 500, ya elliptical 300, ya ML 1,000. Ine yabuluu ndimaisungira ma 45 otopa, popeza ndi yotchipa ndipo imakhululuka, yobiriwira ya ma LP abwino. Red nayo imalandira singano ya 2M Blue, yomwe ndi yabwino, koma mtengo wake ndi wina, ndipo ngakhale singano ya Red yomweyo imadya gawo lalikulu la ndalama ya katiriji yonse. Mwana akangoigwira ndi chala, mwalira kawiri. Ndine wa Audio-Technica, sindibisa, koma masamu ake ndi amenewo.

Kagulidwe kake, iwalani za phukusi la pa intaneti. Kuno ku Mangochi pafupifupi banja lililonse lili ndi m'bale ku Joni. Mutumizireni chithunzi cha bokosi, akagule m'sitolo yeniyeni ya zoimbira, atenge lisiti, ndipo akasunge m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa basi pamodzi ndi zidebe za penti.

Achimwene a Garrard ndi BSR za m'kabati, imvani izi musanatumize ndalama. Ngati mkono wa galamafoni yanu ndi wolemera, wa kasipiringi, wopanda chitsulo cholinganizira kumbuyo, makatiriji awiriwa si anu. Mkono wotere sungayende bwino pa magalamu 2. Ukakhala wa masikuluwu awiri, AT3600L ndiyo yokuyenerani, imapirira magalamu 3 ndi kupitirira pang'ono, ndipo ndi yotchipa kuposa onse. Ma Technics ena a m'ma 1980 ali ndi P-mount, katiriji yongolowetsa ndi sikuluwu imodzi m'mbali, ndiye suzumirani kaye musanagule.

Chinanso chimene chimakhumudwitsa anthu n'chakuti amamanga katiriji yatsopano, n'kulumikiza pa AUX ya sabuufa, mawu n'kutuluka ang'onoang'ono, opanda besi. Katirijiyo siinawonongeke. Pojambula mbale amachepetsa besi n'kukweza mawu akumtunda, ndipo pamafunika phono yobwezeretsa zimenezo motsatira muyezo wa RIAA, komanso kukweza mamilivoti ochepa aja. Apa pali njira ziwiri: kabokosi ka phono kapadera, kapena ampu yakale yokhala ndi polowetsa polembedwa PHONO. Ine ndimasankha ampu yakale. Timabokosi totchipa timabwera ndi adaputa imene imalowetsa kung'ung'udza, pomwe Sansui kapena Kenwood yakale imene mmisiri wa mawailesi waitsuka bwino imagwira ntchito zonse ziwiri. Kawaya kakang'ono ka GND kaja kamangeni pa sikuluwu yake kuseri kwa ampu, mukakasiya kakulendewera mumva hmmm usiku wonse. Ndipo magetsi akazima musalumikize galamafoni pa invetala yotchipa, mota imalira n'kutentha, imafuna invetala ya mtundu wa pure sine.

Tsopano chizolowezi chija choika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono kuti singano isadumphe. Chimenecho chinadya mbale zambiri kuposa fumbi la mwera. Mwagula singano ya magalamu 2, musaisenzetse katundu. Bwerekani kasikelo ka digito, konga kamene ogula golide ku Makanjira amayenda nako, kaikeni pa msinkhu wa mbale, tsitsani singano pang'onopang'ono, zungulizani chitsulo chakumbuyo mpaka pawerengeke 2.0, ndipo anti-skate, imene imaletsa mkono kukokera m'kati, muiike pa 2 pomwepo. Pemphani levulo kwa mmisiri womanga muone ngati galamafoni yakhala mowongoka, ndipo ichotseni pa kabati imene pali masipika. Ikadumphabe mutachita zonsezi, vuto lili pa mbale: mwina ndi litsiro louma m'mizere, lofuna madzi oyera ndi kadontho ka sopo wa madzi, mwina inapindika chifukwa chosanjikizidwa chogona pansi pa malata. Yopindikayo ngakhale singano ya ML siingaiwongole.