Mbande za gliricidia: n'zoyenera kugula, koma kwa mlimi amene akuona zaka zitatu kutsogolo

Chaka cha 2024 chinasiya mantha m'mitima ya alimi ambiri kuno Kum'mawa kwa Zambia. Mvula inaleka mu Januwale chimanga chili pafupi kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a chimanga anapserera. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti n'kumazima usana ndi usiku. Izi zinapeza anthu ali kale pamavuto a fataleza amene anakwera mtengo nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022. Wachinyamata akatsegula foni amangomva za dziko likutentha, nkhalango zikutha, nthaka yaguga. Zonsezi n'zoona. Koma munthu amene wauzidwa tsiku ndi tsiku kuti kutsogolo kulibe kanthu sabzala mtengo. Amadula umene ulipo, n'kuwotcha makala, n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuti mlimi agwire khasu pa ntchito yosalipira chaka chomwecho, ayenera kuona m'maganizo mwake mmene munda wake udzaonekere mu 2030, ndipo chithunzicho chikhale choti angathe kuchiyeza ndi chingwe. Ife tikuona kuti mbande za gliricidia zimapereka chithunzi chotere, n'chifukwa chake taziunika pano, zabwino zake ndi zovuta zake zomwe.

Gliricidia ndi mtengo wa gulu la nyemba wochokera ku Central America. Mizu yake imakhala ndi timaduduluzi momwe tizilombo tosaoneka ndi maso timakoka nayitirojeni kuchokera mumpweya, chakudya chomwe chija timagula m'thumba la urea. Si wachilendo kwathu kuno: ku Msekera, kunja kwa tauni ya Chipata, akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za kulima mitengo pamodzi ndi mbewu, anauyesa kwa zaka zambiri pamodzi ndi mitengo ina yobwezera chonde ya sesbania ndi tephrosia, ndipo ku Makoka, ku Zomba m'dziko la Malawi, akhala akuulima pamodzi ndi chimanga kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Masiku ano bungwe la COMACO, lija limapanga chiponde cha It's Wild!, ndi limodzi mwa amene aufalitsa kwambiri kudzera m'makopaletivu. Chimene umapambanira sesbania n'chakuti ukaudula umaphukanso, chaka ndi chaka, osabzalanso wina.

Mungaupeze m'njira zitatu: njere, mbande za m'timapepala takuda, kapena zodula. Zodula zimagwira msanga ndipo n'zabwino pa mpanda, koma sitikuzilimbikitsa m'munda wa chimanga. Sizikhala ndi muzu waukulu wolowa pansi; mizu yake imayenda pamwamba n'kumalimbirana madzi ndi chimanga, ndipo mphepo ikakula zimagwa. Mbande za m'timapepala n'zabwino ngati nazale ili pafupi, koma kunyamula mbande 500 ndi dothi lake pa njinga si ntchito yamasewera. Pogula, tembenuzani kapepala muone pansi. Ngati muzu wazungulira ngati nkhata, kapena waboola pepala n'kulowa m'nthaka ya panazale, mbandeyo yakhalitsa, ndipo kumunda idzapinimbira. Sankhani za msinkhu wa masentimita 20 mpaka 30, za tsinde lolimba, osati zazitali zowonda zimene zakulira mumthunzi.

Kwa ambiri njira yotchipa ndi njere, ndipo apa ndi pamene anthu amaluza ndalama mosadziwa. Njere za gliricidia zimafa msanga zikasungidwa potentha, monga m'sitolo ya malata kapena padzuwa pamsika. Maso sangasiyanitse yamoyo ndi yakufa. Musanagule zambiri, tengani njere 20, muzikulunge m'kansalu konyowa, muziike pamthunzi n'kumawaza madzi. Pakatha masiku 10 werengani zomera. Zikachepera 14, kapezeni kwina kapena mufese zochuluka kuposa mmene munaganizira. Njere zatsopano sizifuna kuthiridwa madzi otentha kapena kukandidwa ngati za msangu.

Tiwerengere pa lima imodzi, mamita 50 mbali zonse. Mukasiya mamita 5 pakati pa mizere ya mitengo ndi mita imodzi pakati pa mtengo ndi unzake, mufunika mitengo 500, kutanthauza 2,000 pa hekitala. Ku Makoka ankabzala mothithikana, mita 1.5 ndi masentimita 90, mitengo pafupifupi 7,400 pa hekitala. Masamba amachuluka, koma ntchito yodula imachulukanso, ndipo ng'ombe za pulawo kapena ripa sizidutsa bwino. Kwa banja lolima ndi ng'ombe, kapena la anthu ochepa, mamita 5 ndi abwino. Ngati munda uli potsetsereka, mizere idutse mopingasa kuti igwire dothi.

Bedi la nazale likhale mita imodzi m'lifupi, mamita 4 m'litali, lokwera masentimita 15 mpaka 20. Sakanizani dothi la pamwamba, mchenga pang'ono ndi manyowa owola bwino. Manyowa osapsa amaitana chiswe ndipo amawotcha mizu. Lembani timizere totalikirana masentimita 10, muike njere imodziimodzi pa masentimita 5 alionse, kuzama kwake kusapitirire masentimita 2. Bedi lotere limalowa njere 800, zokwanira lima imodzi ndi zopakiza. Fesani pakati pa Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala, phimbani ndi udzu wopyapyala, thirirani m'mawa ndi madzulo. Zikamera chotsani udzu uja, apo ayi mbande zimatalika mopanda mphamvu pofuna kuwala. Sabata yomaliza chepetsani madzi kuti zizolowere. M'mera mpoyamba: mbande yofooka panazale sidzachira kumunda.

Kuwokera kuchitike pakatha masabata 6 mpaka 8, mvula itakhazikika, makamaka mu Disembala. Thirirani bedi kaye, zulani ndi khasu kuti muzu waukulu usaduke, kulungani mizu m'saka lonyowa, ndipo mubzale tsiku lomwelo, madzulo kapena kukakhala mitambo. Dzenje likhale lakuya moti muzu uime chilili, osapindika. Cholakwika chofala kwambiri n'kuchedwa. Anthu amayamba ndi chimanga, nshawa, soya, kupalira, ndipo mitengo amaikumbukira mu Febuluwale. Mbande yobzalidwa nthawi imeneyo sifikitsa muzu pansi mvula isanathe, ndiye dzuwa la Okutobala limaimaliza. Pamalo podikha madzi, monga m'mphepete mwa dambo, musataye mphamvu zanu, mizu imaola.

Chaka choyamba musayembekezere kanthu, ndipo ili ndilo vuto lalikulu la mtengowu. Mudzapalira, mudzauteteza, koma chimanga chidzakhala monga kale. Wogulitsa amene akukuuzani kuti mutaye fataleza chaka chomwecho akukunamizani. Kudula koyamba kumabwera pokonza munda wa chaka chachiwiri. Dulani pa masentimita 30 kuchoka pansi, ndi chikwanje chakuthwa, mokweza ndi mopendeka, kuti chitsa chisang'ambike ndipo madzi asaime pabala. Pululani masamba ndi nsonga zanthete, muzikwirire m'mizere kapena m'maenje a gamphani masabata awiri musanabzale. Masamba ongotayidwa pamwamba padzuwa amataya gawo la mphamvu yake. Dulaninso chimanga chikafika m'mawondo, ndipo kachitatu ngati mphukira zayamba kuchiphimba. Wolephera kudula kachiwiri amakolola chimanga chowonda m'mbali mwa mizere ya mitengo, kenaka n'kumanena kuti mtengowu ndi woipa, pamene vuto ndi mthunzi.

Nanga umalowadi m'malo mwa fataleza? Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 23. Masamba ouma a gliricidia amakhala ndi nayitirojeni magawo 3 kapena 4 pa 100 alionse. Choncho kuti mufanane ndi thumba limodzi, pafunika masamba ouma pafupifupi makilogalamu 700, ndipo si nayitirojeni yense amene chimanga chimamudya chaka chomwecho. Wina amatsalira m'nthaka. Mitengo 500 yaing'ono singapereke zimenezi, koma zitsa zikakhwima masamba amachuluka chaka ndi chaka. Komanso mtengowu supanga fosifolasi, chakudya china cha mbewu chimene chimapezeka mu D compound. Pamene alangizi amati thumba limodzi la D compound ndi limodzi la urea pa lima, malangizo athu ndi akuti muyambe kuchepetsa urea pang'onopang'ono kuyambira chaka chachitatu, koma D compound musamusiyiretu. Siyani mizere ingapo yopanda mitengo kuti muziyerekeza ndi maso anu. Phindu lina silili m'thumba: dothi lodyetsedwa masamba zaka zingapo limada, limafewa, khasu limalowa mosavuta, ndipo ng'amba ikagwa masabata awiri chimanga chake chimachedwa kufota. Pa chilala chonga cha 2024 palibe mtengo umene ungapulumutse munda wonse, koma ng'amba zazifupi ndizo zimatipeza kawirikawiri.

Adani ake akulu ndi awiri, ndipo onse ndi a m'mudzi momwemo. Woyamba ndi ziweto. Tikakolola, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, ndipo m'chilimwe chobiriwira chimene chatsala ndi mbande zanu. Mtengo wokhwima umapirira, koma wa chaka chimodzi ukadyedwa kawiri katatu umafa. Wachiwiri ndi moto wa osaka mbewa. Lambulani mamita awiri kapena atatu kuzungulira munda mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse. Izi munthu mmodzi sangazithe, n'chifukwa chake tikuti musanagule mbande kambiranani ndi a nyakwawa ndi eni minda yoyandikana nanu. Mabanja khumi akabzala mbali imodzi, lamulo la ziweto ndi moto limagwira ntchito, chifukwa aliyense ali ndi choteteza. Ngati munda ndi wobwereka chaka chimodzi, gliricidia si wanu. Bzalani nyamundolo kapena soya.

Zotsala podula sizitayika. Timitengo take tikauma timayaka bwino pa chitofu chosunga nkhuni, ndipo amayi amapumako ulendo wa kuphiri. Masamba ndi chakudya chabwino cha mbuzi ndi ng'ombe, koma ayambe afota tsiku limodzi chifukwa fungo la aawisi ziweto zina zimalikana, ndipo asakanizidwe ndi udzu. Nkhumba ndi nkhuku musazipatse ambiri. Njere ndi makungwa zikhale kutali ndi ana, popeza kwawo kumene unachokera amapangira mankhwala a makoswe.

Poyerekeza ndi msangu, gliricidia ndi wofulumira koma wofuna manja. Msangu umabzalidwa mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pa hekitala, umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndipo sufuna kudulidwa, koma phindu lake limadikira zaka zambiri. Wokhala ndi munda wakewake abzale yonse iwiri, wina wa iye mwini, wina wa ana.

M'malire a munda siyani mitengo 10 kapena 15 yosadula. Imeneyi imachita maluwa ofiirira m'chilimwe, njuchi zimaikonda, ndipo ndiyo idzakupatsani njere zanuzanu. Thyolani zikhokhombe zikayamba kusanduka zachikasu, chifukwa zikaumira mumtengo zimathetheka n'kumwaza njere kutali. Ziyanikeni pa saka mutaphimba ndi saka lina, pepetani, sungani m'botolo lotseka bwino pamalo pozizira, ndipo muzifese chaka chomwecho.