Alendo akubwera mawa: nkhuku ya msuzi kapena yowotcha?

Zonsezi mutha kuyamba dzulo lake. Ya msuzi mumaphikiratu, lokolo ndiye amakoma, tomato, anyezi, kaadyo pang'ono, ikazizira muike mufiriji. Yowotcha mumangoinyika usiku wonse mufiriji momwemo, mu mandimu, adyo, jinja, mchere ndi kambuzi, kuwotcha ndi pa tsikulo.

Mtengo: lokolo ndi wodula kuposa ya chizungu komanso amadya makala, maola awiri ali pamoto osafewa bwinobwino. Koma msuzi umatambasuka, nkhuku ziwiri anthu khumi adya ndi nsima kapena mpunga wa Kilombero. Yowotcha aliyense amafuna chinthuli chake chachikulu, ndiye mugula zambiri basi.

Ntchito pa tsikulo: ya msuzi kungotenthetsa mpaka iwire, ndipo yogona imakoma kuposa yatsopano, izi sindikambirana ndi munthu. Yowotcha muima pambaula utsi uli m'maso alendo akucheza okha, ikazizira imauma gwa.

Magetsi akazima usiku ndiye pamavuta, makamaka yaiwisi yonyika ija.

Kukubwera apongozi ndi akuluakulu, phikani ya msuzi. Ngati ndi anzanu ochepa ocheza panja ndi tchipisi, wotchani.