Box2D pa gemu ya ngolo: zimene ndapeza nditaigwiritsa ntchito

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikupanga gemu ya pa foni yomwe wosewera amayendetsa ngolo ya ng'ombe yodzaza matumba a chimanga, kuchokera kumunda, kutsetsereka chitunda mpaka kukafika kumsika popanda kugwetsa katundu. Munthu wokulira kuno ku Chipata, kumene mapiri anatizinga mbali zonse, amadziwa bwino mmene thumba limasendera kutsogolo ngolo ikagunda mwala potsetsereka, choncho gemu yotere singamunamize. Katundu akayenda mosayenera pa sikirini, iye amaona nthawi yomweyo.

Poyamba ndinalemba ndekha injini ya physics, yomwe ndi gawo la pulogalamu lowerengera kugwa, kugundana ndi kuzungulira kwa zinthu zolimba zosapindika. Kugwetsa bokosi limodzi kunali kosavuta, ndipo kuzindikira kuti mabokosi awiri agundana kunanditengera masiku ochepa chabe. Vuto linabuka nditasanjikiza matumba asanu, lina pamwamba pa linzake: muluwo unkanjenjemera ngolo ili chiimire, thumba la pansi linkamira pang'onopang'ono m'thabwa, ndipo ndikati ndikonze kumirako, matumba a pamwamba ankadumpha okha. Apa m'pamene ndinasamukira ku Box2D, injini ya physics yolembedwa kale ndi ena, ndipo mulu womwewo unakhazikika tsiku loyamba.

Box2D inalembedwa ndi Erin Catto. Inayamba ngati kapulogalamu kachitsanzo kotchedwa Box2D Lite, komwe anakaonetsa pa msonkhano wa Game Developers Conference m'chaka cha 2006, kenaka mu 2007 inatulutsidwa kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere. Ndi imene inkagwetsa matabwa ndi miyala mu gemu ya Angry Birds ya mu 2009, komanso ndi imene mapulogalamu opangira magemu a Unity ndi LÖVE amadalira pa physics ya 2D, kutanthauza ya zinthu zokhala ndi mulitali ndi mulifupi basi. Kuyambira mu 2020 ili pansi pa laisensi ya MIT, kutanthauza kuti munthu akhoza kugulitsa gemu yake osalipira ngakhale ngwee imodzi kwa mwini wake, bola asunge mawu a laisensiyo. Mu 2024 kunatuluka Box2D 3.0, yolembedwa mwatsopano m'chilankhulo cha kompyuta cha C m'malo mwa C++, ndipo ndi imene ndikugwiritsa ntchito.

Chimene chimakhazikitsa mulu wa katundu ndicho chinandichititsa chidwi kwambiri. Pamene zinthu zingapo zatsamirana, mphamvu ya pa malo amodzi okhudzana imadalira mphamvu za pa malo ena onse, ndiye injini imawerengera malowo limodzilimodzi mobwerezabwereza mpaka mayankho atayandikira kugwirizana. Injini yanga inkayamba kuwerengaku kuchokera pa ziro nthawi iliyonse, ndipo nthawi inkatha isanafike pa yankho labwino. Box2D imasunga mphamvu zimene inapeza pa sitepe yapitayo n'kuyambira pamenepo, njira yomwe amaitcha warm starting. Popeza gemu imayenda masitepe 60 pa sekondi imodzi, zinthu sizikhala zitasintha kwambiri pakati pa sitepe ndi inzake, motero yankho lakale limakhala lili pafupi kale ndi loyenera. Kuwonjezera apo, chinthu chikakhala osasuntha kwa kanthawi, injini imachigoneka n'kusiya kuchiwerengera mpaka china chitachigunda, zomwe zimathandiza kwambiri pa mafoni otsika mtengo amene anthu ambiri kuno ali nawo.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna kuti anzanga oyamba kumene aupewe. Box2D imawerengera m'mamita, makilogalamu ndi masekondi, ndipo inakonzedwa kuti izigwira bwino ntchito pa zinthu zoyenda zotalika kuyambira mamita 0.1 mpaka 10. Ine ndinaipatsa miyeso ya pa sikirini mwachindunji, kotero ngolo ya mapikiselo 300 inasanduka ngolo yotalika mamita 300, ndipo matumba ankagwa mwapang'onopang'ono ngati akumira m'madzi. Nditaikonza kuti ngolo ikhale ya mamita atatu, thumba lililonse lilemere makilogalamu 50 monga amene timagula ndi kugulitsa, ndipo kusinthira ku mapikiselo kuzichitika pojambula pokha, kagwedwe kake kanaoneka ngati kenikeni.

Mateyala ndinawalumikiza ku ngolo ndi wheel joint (cholumikizira cholola teyala kuzungulira), msewu wa mabampu ndinaupanga ndi chain shape (timizere tolumikizana ngati tcheni), ndipo zonsezi zinayenda popanda chovuta.

Zofooka zake ziliponso, ndipo china mwa izo chimakhudza gemu yanga mwachindunji. Thumba la chimanga si bokosi; limaphwatalala likasanjikizidwa ndipo limatsatira maonekedwe a chimene lagonera. Box2D sidziwa zinthu zofewa zotere, choncho ndinagwiritsa ntchito mabokosi okhala ndi makona ozungulira, n'kukweza friction, mphamvu ya kukhuzana, kuti asamatererane. Zotsatira zake n'zovomerezeka, koma mlimi woyang'anitsitsa adzaona kuti matumbawo amagubuduka molimba kusiyana ndi enieni. Komanso polygon iliyonse, kutanthauza chinthu cha mbali zowongoka, imaloledwa kukhala ndi makona osapitirira 8, ndipo siyenera kukhala yolowa mkati, ndiye bokosi la ngolo ndinalipanga ndi zidutswa zitatu: thabwa la pansi ndi zipupa ziwiri. Injiniyi sijambulanso kalikonse pa sikirini; imangopereka malo ndi kapendekedwe ka chinthu chilichonse, kujambula n'kwanu.

Chimene chinandidyera nthawi yambiri ndi kusiyana kwa mtundu wakale ndi watsopano. Maphunziro ambiri a pa intaneti analembedwera Box2D 2.4 kapena yakale kuposa pamenepo, ndipo maina a ma function ake sagwirizana ndi a mu 3.0. Pulley joint ndi gear joint, zolumikizira zinthu ngati ndi chingwe cha pa gudumu kapena magiya, zinachotsedwanso mu 3.0, ndiye amene akufuna kupanga chitsime chotungira madzi ndi chingwe ayenera kudziwiratu zimenezi asanasankhe mtundu. Malangizo ake onse ali m'Chingelezi chaukadaulo, ndipo wophunzira wa ku sekondale amene ndinamuonetsa anafunika kuti ndimufotokozere tsamba lililonse. Chotonthoza n'chakuti mafailo ake ndi ang'ono, sadya bandulo yambiri powatenga pa intaneti, ndipo mukawatenga kamodzi mumagwira ntchito popanda netiweki, ngakhale magetsi atazima laputopu ikuyendera batire.

Kwa amene cholinga chake ndi kumaliza gemu, ndikumulangiza kuti atenge Box2D 3 asataye miyezi ngati imene ndinataya ine pa mulu wonjenjemera. Amene akufuna kulemba injini yakeyake kuti amvetse mmene zimayendera, ayambe ndi kuwerenga Box2D Lite, yomwe ikupezekabe pa webusaiti yosungira mapulogalamu ya GitHub. Imadziwa mabokosi okha ndipo mafailo ake ndi ochepa moti munthu akhoza kuwawerenga onse m'masiku awiri kapena atatu. Ine ndinabwerera ku failo yake ya Arbiter.cpp nditasamukira kale ku Box2D, ndipo m'menemo ndinapeza mizere yochepa yosunga mphamvu za sitepe yapitayo, yomwe injini yanga inalibe.