PowerPoint, Google Slides, Beamer kapena PDF: mulowe ndi chiti pa tsiku la difensi?

Chaka chino chokha anthu anayi andifunsa funso limodzimodzi: "Masilaidi a difensi ndipangire pa chiyani?" Difensi ndi tsiku lija mumateteza kafukufuku wanu pamaso pa oyesa. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndingolemba kamodzi. Za mitundu yokongola ndi zilembo zovinavina sindikambapo, zimenezo aliyense akuzidziwa. Ine ndikamba za m'chipinda muja: oyesa akhala patsogolo panu ndi buku lanu la kafukufuku lodzaza timapepala, mphindi zanu 15 kapena 20 zikuthamanga, ndipo kompyuta yolumikizidwa ku pulojekita si yanu.

Ndiyambe ndi chimene chinandiwotcha, kuti mudziwiretu kumene mtima wanga wapendekera.

Masilaidi anga ndinapangira pa webusayiti ina yokonzera zithunzi, ya mtundu uja umadzitcha waulere. Dzina lake ndalisunga. Inali yokongola, sindinama, moti anzanga ankasuzumira pa laputopu yanga n'kumafunsa kuti ndazitenga kuti. Ndinagwirapo masabata awiri. Usiku woti mawa ndi difensi, ndikuti nditsitse failo ndiike pa fulashi, kunangotulukira uthenga woti zithunzi zina zimene ndasankha ndi za olipira okha. Ndikapanda kulipira, chidindo cha kampaniyo chikhala chitapingasa pakati pa chithunzi chilichonse. Masilaidi 7 mwa 18 anali otero. Kachizindikiro kochenjeza kanalipo pakona, koma kanali kochepetsetsa ngati nsabwe, ndipo munthu wothamanga ndi nthawi sayang'ana m'makona.

Ndinalipira, ndikanatani? Kuyambiranso usiku umenewo kukanakhala kudzipha ndekha. Koma si apa zinathera. Malipirowo anali a mwezi ndi mwezi, odzidula okha. Difensi itadutsa ndinaiwaliratu, ndipo ndinadzadzimuka patapita miyezi itatu ndalama zikungochoka pa ntchito yomwe inatha kalekale. China chopweteka n'chakuti magirafu anga ndinawaika ngati zithunzi chabe, ndiye supavaiza atandiuza madzulo aja kuti nambala imodzi pa girafu yachitatu sikugwirizana ndi tebulo la m'buku, sindikanatha kungoikonza pomwepo. Ndinabwerera ku Excel, kujambulanso, kuikanso. Chichokere tsikulo, mawebusayiti a matempuleti okongola ndinawatulutsa m'mpikisano. Mwina ndi mangawa chabe, koma ndi anga.

PowerPoint ndi nkhalamba, inatuluka mu 1987, ndipo ndi imene ndimaikhulupirira. Sifuna intaneti, ndipo pafupifupi kompyuta iliyonse ya pasukulu imaitsegula. Koma chimene ndimaikondera kwenikweni ndi nthawi ya mafunso, chifukwa difensi yeniyeni ili pamenepo, osati pa kuyankhula kwanu kuja mwakonzekera. Woyesa akati, "Tabwererani pa tebulo lija la zotsatira," wophunzira wosadziwa amayamba kudinadina chobwerera, masilaidi n'kumadutsa ngati sitima, thukuta lili kamukamu. Mu PowerPoint mumangolemba nambala ya silaidi n'kudina Enter, basi mwafika. Mukadina B, chophimba chimada bii, anthu n'kuyang'ana inu osati khoma. Palinso Presenter View, imene imakuonetsani manotsi anu, nthawi imene mwadya ndi silaidi yotsatira, pamene oyesa akungoona silaidi yokha.

Chilema chake ndi zilembo. Mukasankha mtundu wa zilembo umene palibe pa kompyuta inayo, imalowetsapo mtundu wina, ndiye mizere imasefukira, mitu n'kudukira pakati. Mankhwala ake ndi kugwiritsa zilembo wamba monga Arial, kapena kusunga failo pamodzi ndi zilembo zake. Onaninso kukula kwa silaidi: kuyambira PowerPoint 2013 silaidi imayamba ili yotambalala ya 16:9, pamene mapulojekita akale ndi a 4:3, ndipo zolemba zanu zimaoneka zing'onozing'ono kuposa mmene munkaziwonera.

Google Slides ndi yabwino pokonzekera. Supavaiza amalemba ndemanga pa failo yomweyo, ndipo simukhala ndi mafailo khumi otchedwa "yomaliza", "yomaliza yeniyeni", "yomaliza yeniyeni 2". Koma kulowa nayo m'chipinda ayi. Imadalira intaneti pokhapokha mutaikonzeratu kuti izigwira popanda intaneti, ndipo zimenezo mumachita pa makina anu, osati a eni ake. Taganizirani mukulowa mu akaunti yanu pa kompyuta yachilendo, oyesa akuyang'ana pakhoma, inu mukudikira nambala yachinsinsi ifike pa foni imene mwaizimitsa mwaulemu.

Beamer ndimaipatsa ulemu wapadera chifukwa inabadwira pa difensi penipeni: Till Tantau anailemba mu 2003 pokonzekera kuteteza digiri yake ya PhD. Ndi yopangira masilaidi mu LaTeX, pulogalamu imene mumalembamo pogwiritsa ntchito makodi, ndiye ngati kafukufuku wanu ndi wa masamu kapena fizikisi ndipo munamulemba kale mu LaTeX, mafomula mumangowasamutsa, n'kutuluka oyera bwino. Ngati LaTeX simunaigwirepo, musayambe kuiphunzira sabata ya difensi. Bulaketi imodzi yoiwalika ikhoza kukugonetsani mochedwa popanda chifukwa.

Chimene Beamer imatulutsa pamapeto pake ndi PDF, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. PDF si pulogalamu yopangira masilaidi, ndi mmene mumawanyamulira. Kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1993 ndi cholinga choti tsamba lizioneka chimodzimodzi paliponse, ndipo kawirikawiri imanyamula zilembo zake m'kati. Chimene mwaona pa laputopu yanu ndi chimene chidzaoneke pakhoma. Mu Acrobat Reader, pulogalamu yotsegulira PDF, mumadina Ctrl ndi L kuti idzaze chophimba chonse. Mumataya zovinavina zija, vidiyo nthawi zambiri siyenda, ndipo manotsi anu obisika simuwaona. Zovinavinazo zipite, palibe woyesa anaperekapo malikisi chifukwa mutu wa chaputala walowa mozungulira. Vidiyo yokha ndiye vuto lenileni kwa amene kafukufuku wawo akufunika kuonetsa chinthu chikuyenda, ndipo iwo aziisunga padera ngati failo yakeyake.

Ndiye amene amandifunsa ndimawauza chonchi: pangirani mu PowerPoint, kapena mu Beamer ngati ndinu a mafomula, kenako tulutsani PDF ndipo munyamule zonse ziwiri, pa fulashi ndi pa imelo. Silaidi iliyonse ikhale ndi nambala yooneka pakona, kuti woyesa athe kunena "silaidi 9" m'malo mwa "paja panali girafu yobiriwira paja". Kuseri kwa silaidi yomaliza ikaniko ena atatu kapena anayi amene simudzawaonetsa pokhapokha mutafunsidwa: mmene munasankhira anthu ofunsidwa, tebulo lonse la zotsatira, malire a kafukufuku wanu. Mafunso ambiri amagwera pomwepo, ndipo nkhope ya woyesa imasintha akaona kuti munaliyembekezera funso lake.

Za zolumikizira, chiganizo chimodzi chikwanira: malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa VGA, chingwe chakale cholumikizira ku pulojekita, ndipo VGA yokhayo sinyamula mawu, ndiye kafunseni chingwe chimene chili m'chipindamo. Pitani dzulo lake, tsegulani failo pa kompyuta yomweyo, khalani pa mpando wakumbuyo, muone ngati manambala a pa tebulo lanu akuwerengeka.