Sofia kapena Elena: Ndani Akuimira Atsikana a ku Latin America?

Sofia, mwana wamkazi wa m'banja lachifumu m'katuni ya Sofia the First, anaonekera koyamba pa Disney mu November 2012. Mmodzi mwa opanga katuniyi atanena kuti mwanayu ndi Latina, kutanthauza mtsikana wa ku Latin America, anthu ambiri anatsutsa. Khungu lake ndi loyera, maso ndi abuluu, ndipo m'nkhani yake mulibe chilankhulo, chakudya kapena mwambo wa kumeneko. Disney inafotokoza pambuyo pake kuti amayi ake, Miranda, amachokera ku dziko lopeka la Galdiz, lofanana ndi Spain. Ine sindidandaula ndi khungulo, poti ku Latin America kuli oyera, akuda ndi ofiirira. Chimene chimandipweteka n'kupatsa mwana dzina lopanda kanthu m'kati.

Elena wa ku Avalor, yemwe anabwera mu July 2016, ndi wosiyana. Mawu ake ndi a Aimee Carrero, wobadwira ku Dominican Republic. Elena ndi mtsikana wa zaka 16 amene akuphunzira kulamulira dziko, osati kudikira mwamuna. Agogo ake, Francisco ndi Luisa, amakhala naye nyumba imodzi n'kumamulangiza pabwalo la ufumu. M'katuni yake muli nyimbo za mariachi ndi salsa, komanso tsiku lokumbukira akufa, Día de los Muertos. Mwana wa ku Mexico akaona makandulo ndi maluwa paguwa, amazindikira za kwawo.

Komatu Avalor nayenso ndi dziko lopeka, losakaniza miyambo ya mayiko ambiri ngati ndiwo za mumphika umodzi. Zimandikhumudwitsanso kuti Elena anangothera pa wailesi yakanema, osapatsidwa filimu yaikulu ya m'nyumba zoonetsera kanema monga Moana, yemwe anatuluka chaka chomwecho.

Ngakhale zili choncho, kholo litandifunsa, ndingasankhe Elena mosakayika.