Kavape ka mameticais 1,500: nyenyezi ziwiri chifukwa cha kamota kodya batire

Ndikunena kavape, kafodya kamagetsi kakang'ono kaja kadzaza m'masitolo a ku Tete ndi ku Moatize, kotchaja pa USB-C, kamene kamanjenjemera ukakoka kapena batire likatsala pang'ono kutha. Kukoka kwake n'kwabwino ndipo utsi ukutuluka wokwanira. Vuto lili m'kati.

Kamene kanafika pa tebulo lathu lokonzera mafoni kanali katafufuma mbali imodzi, chivundikiro chitakankhika, kakutulutsa kafungo kotsekemera kaja ka batire loboka. Titatsegula tinapeza kamota konjenjemeretsa, kaja kooneka ngati ndalama yachitsulo, ka mamilimita 10 m'lifupi ndi pafupifupi 3 kuchindikala, atakamata pa thupi la batire penipeni. Pakati panalibe china koma kaguluu komwe kamotako kamabwera nako. Batire lake ndi lija lofewa la lithiyamu la 3.7 V, ndipo chikopa chake cha aluminiyamu ndi pulasitiki chimangochindikala pafupifupi 0.1 mm. Thupi la kamota ndi lachitsulo, ndipo m'kati muli kolemera kopendekera mbali imodzi kamene kamazungulira maulendo pafupifupi 10,000 pa mphindi. Madzi a vape atadonthera m'kati pang'ono, guluu anafewa, kamota kanasendera m'mphepete, mkombero wake n'kumakhula chikopa cha batire nthawi iliyonse mwini wake akakoka. Panali patapereseka mpaka kuboka kabowo. Waya wofiira wa kamota nayenso anali atasendeka, akukhudza pamene chikopacho chinapindidwa, pomwe aluminiyamu amaonekera. Batire lotere mpweya ndi chinyontho zikalowa limafufuma, ndipo chitsulo chikafika pa timapepala ta m'kati ndi shoti basi. Ameneyo ndi moto m'thumba la thalauza la munthu.

Chondipsetsa mtima kwambiri ndi bambo ogulitsawo. Titawaonetsa, sanafune ngakhale kukagwira. Anati ndi dzuwa la ku Tete, kenaka anati ndi tchaja. Inde, kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo batire la lithiyamu siliyenera kutchajidwa litafunda kupitirira madigiri 45. Koma dzuwa silidinda chizindikiro chozungulira cha mamilimita 10 pa batire. Ndalama anakana kubweza, kutsegula kena katsopano tione anakananso, ndipo katoni yonse ikadali pa shelefu.

Komabe ndisaname, bodi yake, kabolodi ka zamagetsi ka m'katimo, anaipanga bwino. Kutchaja kukudula pa 4.2 V monga mwa lamulo lake, mawaya a batire anawotcherera mwaukhondo, ndipo pa chimango cha pulasitiki pambali pa bodi pali malo okwana kamotako. Ndiye kavape kamene batire lake silinavulale n'kotheka kukapulumutsa, kwa munthu wodziwa ntchitoyi.

Yambani mwalitsitsa moto batirelo, ndipo tsegulani ndi chokanulira cha pulasitiki, osati sikurudiraiva. Matulani kamota pang'onopang'ono, pukutani ndi sipiriti wa isopropyl, muyang'anitsitse chikopa. Ngati chili bwino, matani tepi ya Kapton, ija yachikasu chodera yochindikala pafupifupi 0.06 mm, mizere iwiri pa mbali yoyang'ana kamota, ifike mpaka kuphimba m'mphepete mopindidwa muja. Pamwamba pake ikani ka barley paper, kapepala kolimba kosadutsa magetsi, ka 0.2 mm kodulidwa mamilimita 14 mbali zonse, kuti katulukire kunja kwa mkombero wa kamota. Kamotako kamateni pa chimango cha pulasitiki, ndipo siponji ya 0.5 mm ikhale mbali ya batire. Mukaiika pakati pa kamota ndi chimango, kunjenjemera kumachepa m'siponjimo, dzanja silimva bwino. Mawaya awiri aja avekeni heat shrink, kachubu ka pulasitiki kofinyika kakatenthedwa, muwadutsitse kutali ndi mphepete za batire. Musanatseke, yezani ndi multimeter, chida choyezera magetsi, pa continuity, pomwe imalira zinthu ziwiri zikalumikizana, kuchokera pa thupi la kamota kupita ku mbali zonse ziwiri za batire. Isalire.

Tepi yakuda ya amagetsi ija musaiyese muno. Ndi yochindikala, yambiri malire ake ndi madigiri 80, ndipo guluu wake amasanduka phala akakumana ndi madzi a vape ndi kutentha kwathu kuno. Musapanikizenso zinthu mpaka chivundikiro kutseka mokakamiza, chifukwa batire lofewa limatupa pang'ono likamakalamba, liyenera kutsalirako mpata.

Batire lofufuma, lokandika kapena lonunkha silimatidwa tepi ayi, limasinthidwa. Lakalelo phimbani mitu yake ndi tepi, muliike m'chitini cha mchenga panja pamthunzi, kutali ndi denga la udzu, ndipo musaliponye kudzala kumene anthu amatentha zinyalala.