Nazale ya m'mbali mwa msewu kumene ndinagula maluwa oyanga

Mwezi wa Julayi chaka chatha ndinapita ku Zomba kukaona achemwali anga, ndipo tikutsika wapansi kuchokera ku Botanical Gardens ndinaima kangapo kuyang'ana maluwa a golden shower amene anayanga pamipanda, akulendewera ngati mikanda yamtundu wa lalanje pamene udzu unali utauma kale. Ulendo wonse wobwerera ku Lilongwe mtima unali pa mpanda wanga wanjerwa, umene chiumangireni sindinabzalepo kanthu.

Mbande ndinakagula pa nazale ina ya m'mbali mwa msewu, kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi. Bambo amene amagulitsa pamenepo sanathamangire kundilongezera machubu, koma anayamba afunsa ngati mpandawo umawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse komanso ngati madzi ndimawapeza mosavuta. Anandiuza kuti golden shower amafuna waya woti agwirepo chifukwa pa njerwa yokha sakwera, ndipo kuti bougainvillea ukamuthirira kwambiri amangochulutsa masamba osachita maluwa. Anatsegula duwa limodzi la bougainvillea ndi chala n'kundionetsa kuti chofiira chimene timachitcha duwa ndi masamba chabe, pamene duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono koyera kamene kali pakati. Atamva kuti ndili ndi ana aang'ono, anandiletsa kubzala bougainvillea pafupi ndi khonde chifukwa cha minga, nati pamenepo pakuyenera magalagadeya, amene amapereka mthunzi ndi zipatso zomwe. Malangizo amenewa ndiwo anandikopa kuti ndigule, ngakhale kuti mitengo siinalembedwe paliponse ndipo pamafunika kunenerera.

Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti machubu alibe zizindikiro. Ndinapempha bougainvillea woyera mbande zitatu, ndinabzala mu Disembala mvula itakhazikika, ndipo zonse zinagwira bwino, koma zitachita maluwa ziwiri zinatuluka zofiirira. Nditabwerera kukadandaula, bambowo anapepesa n'kuvomera kuti nthambi zimasakanikirana pozidula ndi kuziika m'machubu, ndipo anandipatsa mbande ina yaulere imene inali kale ndi duwa loyera.

Ndidzapitakonso mu Seputembala, mbande zambiri zikakhala ndi maluwa, kuti ndikasankhe mtundu ndikuuona ndi maso. Golden shower uja wafika kale pa waya wachitatu.